Mazenera a Chombo cha Mfumukazi

Tsiku lomaliza kuwaona achimwene ali moyo, anali atagoneka pachifuwa buku lawo lakale lofotokoza zonse za mafilimu a zombo za mumlengalenga amene tinakula tikuonera. Dripu ili pamkono, pensulo ili m'manja.

"Iwe, apa analemba kuti chombo cha mfumukazi chili ndi mazenera khumi ndi awiri. Bodza. Ndi khumi ndi atatu. Ndinaimitsa filimu n'kuwerenga ndekha."

"Achimwene, yambani mwamwa mankhwala."

"Osindikiza bukuli ndawalembera makalata anayi. Akadzakonza undiuze, wamva?"

Ndinavomera. Koleji ndinali nditaisiya kuti ndiziwadwazika, ndipo sindinabwerereko.

Bukulo litatulukanso mwatsopano, gulu lathu la pa foni la okonda mafilimuwa linachita kuwira. Wina ankalira kuti chikuto chanyansa. Wina analumbira kuti sadzaligwira n'komwe. Wina wokonza mawailesi, yemwe ankakonda kuwaseka achimwene kuti ndi mlonda wa mazenera, analemba kuti mulibe chatsopano, angosintha zithunzi.

Ine ndinapita kusitolo ya mabuku n'kulitsegula ndili chiimire. Pa tsamba 214 analemba kuti mazenera ndi khumi ndi atatu. M'munsi mwake munali timalemba tating'ono: tikuthokoza wowerenga wina amene sanatope kutilembera.

Wowerenga wina, basi. Ngakhale dzina la achimwene sanaliike.

Ndinatulutsa foni kuti ndiwauze, chala chinafika pa nambala yawo, kenako ndinaibweza m'thumba.

Bukulo linatuluka pa 9 Juni. Achimwene tinawaika m'manda pa 2 Juni.