Mpope wa Mfuti ya Anti Annastazia

Nkhani iyi kwathu ku Mirrabooka, kuno ku Australia, aliyense akuifotokoza mwakemwake, koma ine Atusaye ndinalipo, ndiye mverani ine. Anti Annastazia ndi akulu awo a mayi anga, nesi ku Nedlands. Loweruka lililonse amakagona chafufumimba kubwalo lowomberera mfuti kunja kwa tauni, n'kumalasa chandamale chakutali choti ine sindichiona n'komwe. Chaka chino ankafuna kulowa timu ya Western Australia, ndipo mpikisano wosankhira anthu unali utayandikira.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mpope wa mfuti umatha. Anti anandiuza kuti chipolopolo chilichonse chikamatuluka, moto wa onga umadya pang'ono m'kati mwa mpopemo, ndipo ukamawombera motsatizana mpaka kuutenthetsa, umatha msanga. Wawo unali wokalamba kale. Ankausamala kuti ungowafikitsa pa mpikisano basi: kuwombera pang'ono, kudikira uzizire.

Ndiye kalabu yawo inakonza tsiku loti alendo akayeseko. Mayi anga, inu, anakalengeza kutchalitchi. Azibambo a mpingo anabwera atatchena ngati akupita ku ukwati. Kalabu inali ndi mfuti zake za alendo, koma a Paterson, mkulu wa mpingo, anangoziyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, ife tabwerera iwe. Tikagwire za eni ake yako ilipo?"

Ndinaona nkhope ya anti. Kuchipatala amatsutsa ngakhale madokotala, koma apa anangopinda mawondo n'kuti, "Chabwino, bambo." Nanga ukapatsa mkulu mmodzi, winayo um'mana bwanji? Onse anafola. Aliyense ankafuna chithunzi chotumiza kumudzi, wina mpaka kubwereza chifukwa akazi awo anajambula nsapato zokha. Anti atapempha kuti mpope upumeko kaye, azibambowo anaseka, amvekere chitsulo sichitopa. Nditayandikitsa dzanja, unali kutentha ngati simbi.

Loweruka lotsatira zipolopolo zinayamba kumwazikana, china uku, china uko. Anti sananamizire mphepo ngati mmene ena amachitira. Tinapita ku Midland kwa Debbie, mayi wokonza mfuti, ndipo analowetsa kakamera mu mpope muja. Pa sikirini munkaoneka ming'alu yokhayokha ngati matope ouma. Debbie anati basi, watha. Watsopano anali nawo, koma anachenjeza kuti mpope uliwonse uli ndi khalidwe lake, umafuna kuuzolowera, ndipo nthawi inali itatha kale. Anati anthu ena amalolera kupita ndi wakuthawo poti amaudziwa.

Anti anamuuza aike watsopano. Tili mu galimoto mayi anga anayamba zoti mwina angodikira chaka chamawa, asakachite manyazi pagulu.

"Manyazi a chiyani, amake Atusaye?" anti anayankha. "Diso ndi langa, chala ndi changa. Chitsulocho chiphunzira."

Anasinthana mashifiti ndi anzawo kuti m'mawa azikhala kubwalo. Kuwombera, kutsuka mpope, kuwomberanso, kenako kuthamangira kuntchito m'manja mukununkha mafuta a mfuti. Ndamva kuti wodwala wina anawafunsa ngati amakonzanso magalimoto.

Tsiku la mpikisano mphepo yakunyanja inayamba masana ngati mwa nthawi zonse, mbendera zonse zosonyeza mphepo kupendekeka. Chipolopolo choyamba chinagwera pambali. Mayi anga anandifinya mkono mpaka kuwawa. Anti sanadzutse n'komwe mutu. Anapotokola kachitsulo koyang'anira chandamale ka pamfutipo pang'ono, anadikira mbendera zigwe, ndipo zotsatirazo zinayamba kulowa pakati, chimodzi pambali pa chinzake.

Powerenga osankhidwa, dzina lawo linali lomaliza, koma linalipo. Bambo wolengezayo analipotoza moti ifenso sitinalizindikire msanga. Anti anapita kutsogolo, anamugwira chanza, analitchula pang'onopang'ono kuti amve bwino, n'kumuuza kuti aliphunzire chifukwa azilitchula kawirikawiri.