Phazi Lakumanzere

Tenti inakana kubwerera m'thumba lake. Wachisamba anaipinda, naigwadira, naikanikiza ndi zigongono, koma akangoti akoke zipi, mbali ina inkatuluka ngati lilime la mwana wamwano. Mlongo wake, mzime wa m'banjamo, anali atakhala pabedi akugwedeza zikhomo zachitsulo m'manja, ndipo sanathandize ngakhale ndi chala chimodzi.

"Inatulukamo bwanji ngati singalowemo?" anadandaula mkuluyo, thukuta lili kamukamu.

Tentiyo anaiimika ndi bambo awo pakati penipeni pa chipinda chimene anawo ankagona ali aang'ono, ati kuti azolowere asanapite nayo kuphiri. Anaiimika m'mawa wina, mawa lake anagwa m'khitchini akudikira madzi a tiyi, ndipo kuchipatala sanakhalitseko. Masiku onse a maliro tentiyo inangoima pomwepo. Azakhali ena amene anasowa pogona analowamo, ndipo anadzuka akuiyamikira kuti mulibe udzudzu.

Malemuwo anali dalaivala wa basi. Msewu wawo unkadutsa m'tsinde mwa phiri lalikulu la m'paki yotetezedwa, ndipo moyo wawo wonse wa ntchito ankaliona pagalasi lakutsogolo, popita lili kumanja, pobwera lili kumanzere. Atapuma ntchito ananena kuti phirilo alilambalala mokwanira. Anayamba kugula zinthu chimodzichimodzi, lero tenti, mwezi wamawa zofunda zolowamo ngati thumba, kenako kachitofu ka gasi kochepa ngati kapu. Pakhoma la pabalaza anamatapo mapu, njira yokwerera ataidutsitsa cholembera chofiira. Anasungitsa malo ogona anthu anayi ndi munthu wodzawatsogolera. Anzawo kudepoti ankawatcha a Tiona, chifukwa ukawauza kuti chinthu sichingatheke, sankakangana nawe. Ankangoti, "Tiona," basi nkhani yatha.

Tsopano ulendowo unali utayandikira, mwini wake kulibe. M'mawa umenewo foni ya malemuwo inalira m'kabati, onse n'kudzidzimuka ngati amva mawu awo. Anali mayi wa ku ofesi ya paki, kufunsa ngati banjalo likubwerabe kumapeto kwa mwezi. Atamva za maliro anapepesa kwambiri, nati awadikira mpaka mawa madzulo, kupitirira apo malowo apatsa ena.

Kwa Wachisamba panalibe choganizira. Iye ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala, ndipo anali ndi chizolowezi choona munthu aliyense ngati wodwala amene sanadzizindikire. Anati ulendo uimitsidwe, katundu amene sanagwiritsidwepo ntchito abwezedwe kusitolo, ndipo nkhani yeniyeni yoti akambirane ndi ya amayi. Nyumbayi ili pamwamba, masitepe ndi ambiri, phazi lawo likuipiraipira. Kunyumba kwake kuli chipinda chapansi, chapafupi ndi bafa. Mzime, yemwe ankaphunzitsa ana a mkaka ndipo sankaopa phokoso, anati bambo analota phiri limeneli mpaka imvi zinamera, ndiye kulisiya chonchi n'kuwaika m'manda kachiwiri.

"Ndiye amayi ukawabereka ndiwe?"

"Achimwene, mwawafunsa eni ake?"

Eni akewo anali ataima pakhomo la chipindacho ndi thireyi ya tiyi, ndipo palibe amene anawaona. Anamva ana awo akukambirana za iwo monga mmene anthu amakambiranira za kabati yoti isamutsidwe, kuti ikwana pati ndipo ainyamula ndani. Zinawapweteka, koma analibe poyambira kutsutsa, chifukwa woyamba kukana ulendowu anali iwo omwe.

Amayi anali ndi fupa lotukuka m'munsi mwa chala chachikulu cha phazi lakumanzere. Nsapato iliyonse yatsopano inkawadya pamenepo, mwakuti kuukwati wa mwana wawo yemwe anavina atavula. Ndiye panali nthabwala yakale ya m'banjamo: bambo, chimunthu chamapewa otakata chokhotetsa basi yonse ndi dzanja limodzi, anali ndi timapazi tating'ono tofanana ndendende ndi ta akazi awo. Amayi ankati Mlengi dothi linamuthera atafika kumapazi. Ankabwerekana masilipasi osazindikira, ndipo ana akamagulira mmodzi nsapato ankadziwa kuti agulira onse awiri.

Choncho bambo atapita kukagula jombo zokwerera phiri, anabwera ndi mabokosi awiri a jombo zofanana chilichonse, mtundu, saizi, ngakhale zingwe. Amayi anayesa tsiku lomwelo. Anayenda kuchokera pampando kufika pawailesi, nkhope itakwinyika, n'kuvula.

"Pitani ndi ana anu," anatero. "Ine phirilo ndidzalionera pazithunzi."

"Tiona," anayankha amuna awo, akubwezera jombozo m'bokosi.

Sanaitchulenso nkhaniyo. Kungoti m'mawa uliwonse ankavala peyala imodzi, kutsika masitepe, kukagula buledi, kuzungulira bwalo la mpira la sukulu yapafupi, n'kukweranso. Ankabwera akutsimphina. Amayi ankawaseka ali pazenera kuti ngati pamalo osalala akuyenda chonchi, kuphiri akakwawa ndi mimba. Iwo ankangomwetulira n'kupita kubafa kukavula. Bokosi linalo linakhala pamwamba pa kabati, pepala lake lamkati losakhudzidwa.

"Musakangane," anatero amayi tsopano, akuika thireyi pansi. "Uwayankhe anthu a kupakiwo kuti sitibwera. Jombo zatsopanozo ndi zanga, kabweze. Zakuthazo ndisiyireni."

Wachisamba anatsitsa bokosi lija pakabati, nalipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Sanasangalale kuti wapambana. Anali mwana wabwino amene mantha anamulowa, ndipo kwa iye njira yokondera munthu inali kumukhazika pansi.

Amayi anatola jombo zakuthazo kuseri kwa chitseko n'kulowa nazo kuchipinda kwawo. Zinali ndi makwinya pamwamba, fumbi la pabwalo la mpira lidakali m'mizere ya kunsi. Cholinga chinali kuziika m'kabati pansi pa majekete. Koma atakhala m'mphepete mwa bedi, mbali imene ankagona amuna awo, anawasowa koopsa, kusowa kokhala ngati njala. Malaya awo anali atawanunkhiza kale mpaka fungo linatha. Anangofuna kuponda pamene iwo ankaponda.

Anasolola sokosi zimene zinakulungidwa mkati. Kanthu kena kanagwa m'sokosi imodzi n'kugubuduzika kulowa pansi pa bedi, koma sanakalabadire. Analowetsa phazi lamanja. Kenako anagwira jombo yakumanzere, naluma mano kudikira ululu umene ankaudziwa bwino.

Ululuwo sunabwere. Anakankha phazi mpaka chidendene chinakhazikika, naimirira, naponda mwamphamvu. Fupa lija linali litapeza malo ake, ngati munthu wofika mochedwa pamsonkhano n'kupeza wina wamusungira mpando. Anawerama n'kupapasa ndi chala. M'mbali mwa jomboyo, pamalo enieniwo, chikopa chinali chitatukuka, chofewa, chozungulira. Jombo yamanja inalibe zimenezo. Ndipo amuna awo mapazi awo anali owongoka ngati a mwana.

Anaitana Mzime kuti awatolere chimene chagwera pansi pa bedi. Mtsikanayo anagona chafufumimba, napisa mkono, natulutsa chitsekero cha pulasitiki cha botolo la madzi. Chinali chokutidwa ndi pulasitala wakuda ndi thukuta, nsonga ziwiri zili lendelende monga zimakhalira ukamata chinthu pakhungu n'kumatula kambirimbiri. Mkati mwa pulasitalayo munali timadontho ta magazi ouma.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Anakumbukira kuchipatala, namwino akuvundukula bulangete kumapazi n'kufunsa kuti bala la m'mbali mwa chala chachikulu analitenga kuti. Iwo anayankha kuti mwina anapunthwa, poti ndi zimene anauzidwa tsiku lina atawapeza akulitsuka mobisa. Tsiku limenelo anawakalipira kuti munthu wamkulu aziyang'ana poponda.

"Si za bambo anu izi," anatero motsitsa. "Zawo ndi zili m'bokosizo."

Wachisamba anali atafika pakhomo, bokosi lili kukhwapa. Sanamvetse msanga, mpaka mlongo wake anamuonetsa chitsekerocho, kenako chotupa cha pajombo, kenako phazi la amayi. Bambo awo sanavalepo jombo zawo ngakhale tsiku limodzi. Akanakwera phiri ndi zouma zija, zikuwatupitsa matuza njira yonse, bola akazi awo akhale m'zofewa. Ndipo sakanadzanena. Akanangodzaziika pafupi ndi bedi m'mawa wa ulendo n'kuti yesaninso, mwina zasintha maganizo.

Mzime analira poyera, monga analili. Amayi sanalire. Anakhalanso pabedi n'kuyamba kumanga zingwe, bowo lililonse mosamala, mpaka pamwamba.

"Amayi," anayamba Wachisamba, "jombo si phiri. Kumeneko kuli miyala, kuli kuzizira, mpweya umachepa. Mukakagwa ine ndikatani? Ndataya kale mmodzi."

"Ndikudziwa, mwanawe. Mwina sindikafika pamwamba. Mwina ndikathera pamalo oyamba ogona, ndizikakuphikirani tiyi pa kachitofu kaja." Anakoka mfundo yomaliza. "Koma munthu wandiyendera mtunda wonsewu, ine ndikanike kuyamba? Za chipinda chako chapansicho tidzakamba ndikatsika."

Anatuluka kudutsa pabalaza, pansi pa mapu aja, natsegula chitseko chakunja. Anawo anamva jombo zikugunda pamasitepe, pang'onopang'ono, dzanja likukhwekhwereza pachitsulo chogwirira. Mzime anapukuta maso n'kuthamangira kuwatsatira, akufunsa ngati agule buledi poti atsika kale.

Wachisamba anatsala yekha m'chipindamo. Anaika bokosi pabedi n'kutsegula. Jombo za bambo ake zinali gone mkati, zonyezimira, zouma gwa, zazing'ono moti iye sakanalowetsamo ngakhale theka la phazi. Anazitulutsa, namanga zingwe zake pamodzi kuti zidzathe kukolekedwa pachikwama chakumsana. Bokosilo analiponda n'kuliika pa zinyalala.

Chitsekero chija chinali chitatsala pabedi, ndipo anachitola. Anachitembenuza kangapo. Kenako, poona kuti palibe akumuona, anavula nsapato yake yakumanzere, nachiika m'mbali mwa chala chachikulu, navalanso movutikira. Anaimirira kuti ayende mpaka pakhomo.

Sanafike. Anakhala pansi pakati pa njira, atagwira phazi ndi manja awiri, ndipo misozi imene anaisunga masiku onse a maliro inatsika yokha. Atapuma, anakwawira pakabati, natenga foni ya bambo ake, nayang'ana nambala imene inaimba m'mawa.

"Ndi kupaki? Tikubwera," anatero. "Atatu. Koma mumuuze wotitsogolerayo kuti tidzayenda pang'onopang'ono."

Mayi wa ku ofesiyo anayankha kuti zimenezo wotsogolerayo akudziwa kale, malemu anachita kumuimbira okha kumupempha. Anafunsanso ngati mayi aja a phazi lovuta akakwanitse njira yonse.

Wachisamba anayang'ana pazenera. Pansi, pamsewu, amayi ake anali akulowera kubwalo la mpira, Mzime akuwathamangira pambuyo, ndipo sankatsimphina.

"Tiona," anatero.