Firiji ya a Musataye

"Ipendeketseni kumanzere, achimwene, osati kumanja! Mukufuna itiphwanye mapazi?"

"Iwe khala chete. Firiji iyi ndinayamba kuipendeketsa iwe usanamere mano."

Mwana wamkulu anali atakumbatira firiji ngati akuvina nayo, taye ili paphewa, thukuta lili kamukamu. Mlongo wake, mphunzitsi wa kupulayimale, anaima pambali atagwira silipasi m'manja. Mayi awo anakhala pa kampando pakhomo la khitchini, akungowayang'ana. Sabata inali isanathe chiikireni bambo a m'nyumbamo m'manda. Alendo a pamaliro atangobalalika, magetsi anathima, ndipo atabweranso zonse zinayaka kupatula firiji.

Malemuwo dzina lawo lenileni linkagwira ntchito pa chiphaso pokha. Msewu wonse unkawatcha a Musataye, ndipo iwo ankavomera mosangalala. Munthu uja sankataya kanthu, abale! Tizidutswa ta sopo ankatiphatikiza mpaka tibale sopo wina wamitundumitundu. Misomali yopindika ankaiwongola Loweruka masana akuimba mluzu. Kathumba ka tiyi ankakayanika pa chingwe pamodzi ndi masokosi, amvekere kakadali ndi mphamvu. Mitengo ya zinthu itayamba kukwera mwezi ndi mwezi, shuga lero, mafuta ophikira mawa, anthu ena ankadandaula, koma iwo ankayenda monyadira ngati dziko lonse labwera kudzawapepesa.

Firijiyo sinali ya chionetsero. Penshoni ya malemu inkatha mwezi usanafike pakati, ndiye mayi ankathira madzi m'timapepala tapulasitiki, n'kuwaumitsa, n'kumagulitsa ayisi kwa ogulitsa nsomba ndi zakumwa. Ayisi ndiye ankagula mayunitsi a magetsi, buledi ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Popanda firiji, mayi sakanatha kukhala okha m'nyumba muja, ndipo aliyense m'khitchinimo ankadziwa zimenezo.

Wamkulu anaitsitsa firiji ija n'kuweramira pakhoma akupuma mwabefu.

"Amayi, kayatseni tione."

Mayi anadzuka n'kupita kuchipinda. Soketi ya m'khitchini inapsa kalekale, ndipo malemu, m'malo moitana wa zamagetsi, anaboola khoma n'kudutsitsa waya mpaka kuseri kwa bedi. Kuchokera nthawi imeneyo, ntchito ya mayi firiji ikazima inali yokhala kuchipinda, chala pa switchi, kudikira mawu.

"Ndayatsa!" anafuula.

Firiji inangoti zii.

"Mwaona?" anatero mphunzitsi. "Zopendeketsazo n'zachikale. Bambo ankandituma ine kuti ndiimenye apa, pansi pa chitseko, kawiri. Patukani."

Anaimenya ndi silipasi, phwa! phwa! Firiji sinamve n'komwe. Anaimenyanso mwamphamvu, ngati mwana wa m'kalasi mwake amene sanalembe homuweki, koma silipasi ndiye inaduka lamba.

"Bambo akanakhalapo akanakulipiritsa," anatero Wamkulu.

"Akanaisoka ndi waya, n'kundiuza kuti yakongola kuposa kale."

Onse awiri anaseka, koma kuseka kwa mphunzitsi kunathera m'misozi, ndipo anapukuta maso ndi nsana wa dzanja. Ankawasowa kwambiri bambo ake.

Mayi atabwerera, Wamkulu anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Anali munthu wabwino, wogwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi, wozolowera kuuza anthu zoopsa zisanachitike.

"Amayi, tiyeni tikambirane ngati akuluakulu. Wokonza mafiriji anabwera dzulo, munamuona nokha. Atasuzumira kumbuyoku anavula chipewa ngati wafika pamanda. Akuti muli chubu cha njinga, muli chivindikiro cha ketulo, muli zinthu zimene iye sanaphunzire kusukulu. Ine ndapita kusitolo kukafunsa yatsopano. Mtengo wake ndinatuluka chammbuyo. Ndi fizi ya ana, sindingakwanitse, ngakhale titasonkherana ndi mlongo wangayu."

"Ndiye?"

"Ndiye tiyeni kwathu. Mukagona ndi adzukulu anu, chipinda n'chachikulu ndithu. Nyumba ino tiikemo munthu wa lendi. Simudzavutikanso ndi ayisi, simudzavutika ndi mayunitsi."

"Kwanu kuja, pamwamba paja? Kumene munthu ukafuna kupereka moni umachita kutsika masitepe?"

"Kuli mpweya wabwino, amayi."

"Ine mpweya wa pano unandikwana. Nyumba ino ndimaidziwa ngakhale nditatsinzina. Ndikapita kwanu ndikakhala katundu, mpongozi wanga azikandisuntha posesa."

"Amayi!" anatero mphunzitsi. "Alamu si otero."

"Ndikudziwa kuti si otero, n'chifukwa chake ndikuwamvera chisoni. Mwana wabwino ngati uja apatsidwe nkhalamba yolongolola ngati ine, walakwanji?"

Wamkulu anapukusa mutu akumwetulira, koma sanabwerere m'mbuyo. "Chabwino. Firiji ikadzuka, mukhala. Ikakana, tinyamuka limodzi madzulo ano. Sindingakusiyeni pano opanda chogwira."

Mayi anaiyang'ana firiji ija. Kenako anati, "Inu ana, nonse mukunena zoona, koma aliyense akunena za nthawi yake. Iwe wamkulu uli pakhomo pano inkangofuna kupendeketsa. Utapita kukoleji inayamba kufunanso kumenya. Yakalamba ngati ine, matenda amangowonjezekera, akale sachoka. Chitani zonse pamodzi."

Ana aja anayang'anana. Wamkulu anavula taye n'kupinda manja a malaya. Mphunzitsi anavula silipasi yotsala ija. Mayi anathamangira kuchipinda, ndipo kuthamanga kwake kunali koyamba chimwalirireni amuna awo.

"Yatsani!" anafuula mphunzitsi.

Phwa! Phwa! Firiji inatsokomola. Inanjenjemera thupi lonse, mabotolo a m'kati analira, mphunzitsi anakuwa ndi chimwemwe. Kenako inapuma mpweya umodzi wautali n'kukhalanso chete.

Anayesa kachiwiri, anayesa kachitatu, mpaka msana wa Wamkulu unayamba kudandaula. Palibe chinachitika.

"Pali matenda ena amene anabwera ife titachoka," anatero mphunzitsi. "Amayi, masiku ano bambo ankatani?"

"Ndidziwa bwanji ine? Malo anga anali kuchipinda. Ndinkangomva phokoso, kenako iwo amvekere, 'Mayi, yatsani!' Basi."

"Nanga ankapendeketsa ndani? Bambo ndi msana wawo uja?"

Mayi anazengereza. "Ankaitana anzawo a mumsewu muno."

"Ndiye bwanji osawaitana?"

"Ayi." Mayi anakonza mpango wawo ngakhale unali bwinobwino. "Anthu atopa ndi maliro, asiya ntchito zawo masiku onsewa. Komanso ankabwerera bambo anu. Iwo ndiwo anali a nthabwala, ine ndine wa kuchipinda. Ndikaitana lero abwera chifukwa cha manyazi, mawa ayamba kubisala akandiona. Sindifuna kukhala mayi wamasiye amene anthu amamutsekera makatani."

Apa ndiye panagona mantha awo enieni, ndipo atawatulutsa anachita manyazi. Wamkulu anayankhula mofatsa. "Mwaona, amayi? Ngakhale ikanadzuka, ikufuna anthu atatu kapena anayi. Inu muli nokha. Kalongedzeni zovala zochepa, zina tidzatenga."

Mayi sanatsutse. Analowa kuchipinda, ndipo ana anamva chitseko cha wodiropu chikulira. Mphunzitsi anam'yang'ana mchimwene wake ndi diso loipa, iye n'kutambasula manja ngati akufunsa kuti nanga atani. Posakhalitsa chikwama chinatuluka, Wamkulu n'kukachiika m'galimoto.

Akubwerera, anapeza anthu awiri ali pakhomo la kuseri. Wina anali wometa tsitsi wa pafupi ndi mpopi, bambo wamfupi, chipeso chili m'thumba la malaya. Winayo anali mayi wogulitsa nsomba, wamtali ndi wojintcha, epuloni ikadali m'chiuno.

"Odi, odi!" anatero wometa uja, ali kale m'kati. "Ndamva kumenya ndili pakati pometa munthu. Ndati iyi ndi firiji ya a Musataye, koma womenyayo ndi mlendo. Kasitomala ndam'siya mutu theka, akudikira."

"Mwaimenya mopanda ulemu," anawonjezera mayi wa nsomba. "Mayi ali kuti? Mayi! Firiji yazima liti?"

Mayi anatuluka kuchipinda atavala kale nsapato za ulendo. "Masiku apitawa," anayankha motsitsa mawu.

"Masiku apitawa! Ine n'kumagula ayisi wodula kutsidya, ndikuganiza kuti mukupuma kaye chifukwa cha maliro! Bwanji osatiitana?"

"Ndimati mwina munkabwerera malemu."

Mayi wa nsomba anagwira m'chiuno. "Tamvani zimenezo! Malemu ankangolamula ngati kondakitala. Tiyi ankatiphikira ndani tikamaliza? Mwana wanga atapsa ndi phala, ayisi anabwera naye ndani akuthamanga opanda nsapato? Mayi, musandikwiyitse ine, ndili ndi nsomba zikuwola. Pitani pamalo panu."

Mayi anaweramitsa mutu. Maso awo anadzaza misozi, koma nkhope inali ikuseka. Anabwerera kuchipinda.

"Bwana, patukani pang'ono, mungadetse malaya," anatero mayi wa nsomba kwa Wamkulu. Anaima pambali pa firiji n'kuikankha ndi chiuno kamodzi kokha, ndipo chinthu chimene chinam'tulutsa thukuta mwamuna wa inshuwalansi chinapendekeka mwaulemu. Dzanja lina analikonzekeretsa pansi pa chitseko. Wometa uja anagwada kumbuyo, n'kutulutsa m'thumba pegi yoyanikira zovala, yamtengo, yakuda ndi ukalamba.

"Iyi anandipatsa okha malemu," anatero monyadira. "Ndimayenda nayo kulikonse, ngakhale kuukwati. Kuli kawaya kuno kamene kamafuna kupanidwa poyambira. Aphunzitsi, bwerani muone, tsiku lina ndidzadwala."

Mphunzitsi anagwada naye. Zonse zitakonzeka, panakhala bata lachilendo. Onse ankadikira mawu, koma mwini mawuwo kunalibe. Wometa anayang'ana pansi. Mayi wa nsomba anam'kodola Wamkulu ndi chibwano.

Wamkulu anakonza pakhosi. "Amayi, yatsani!"

Phwa! Phwa! Firiji inatsokomola, inanjenjemera, inatsokomolanso. Kenako inagwira nyimbo yake ija ya masiku onse, yokhala ngati ya njuchi zili m'chitini, n'kupitiriza osaleka.

Mphunzitsi analumpha n'kuwomba mutu pa shelefu, koma sanamve kupweteka. Mayi wa nsomba anaimba nthungululu. Mayi anatuluka kuchipinda akuvina pang'onopang'ono ndi mapewa, nsapato za ulendo atazisiya kale kuseri kwa bedi.

Wamkulu sanafune kugonja msanga. "Nanga magetsi akathimanso mawa?"

"Tibwera, ngati kale," anayankha wometa. "Ine ndikasowa pali telala wa pakona, nayenso anaphunzira. Bwana, tsegulani muone. Shelefu yapansiyo ndi ya mankhwala a shuga a mayi anga. Yapakati ndi ya mkaka wa mwana wa telala. Ndani wa ife angagule firiji masiku ano? Ino ikafa tafa tonse."

Wamkulu anatsegula. Anali asanayang'anemo chifikireni. Munalidi timabotolo ndi timakontena ta eni ake osiyanasiyana, chilichonse chomangidwa ndi ulusi wa mtundu wakewake.

"Tsekani, mukutulutsa kuzizira!" anakuwa anthu anayi nthawi imodzi.

Anatseka msangamsanga, akuseka. Kenako anatuluka, ndipo otsalawo anamva buti ya galimoto ikutseguka. Anabwera ndi chikwama chija n'kuchiika pakhomo la kuchipinda.

"Koma mayunitsi a mwezi uno ndigula ine," anatero. "Pamenepo musanditsutse."

"Gula, mwanawe. Kukana zaulere bambo ako sanandiphunzitse."

Mayi anateleka ketulo. Wometa anakumbukira kasitomala wake wa mutu theka n'kuthamangira kukhomo, koma atafika pakhomopo anaima.

"Pepani bwana, simunamalize. Wolamula ndiye amamaliza."

"Chatsalanso n'chiyani?"

"Kuithokoza. Malemu sankachoka osaithokoza. Ankati chinthu chimene chakugwirira ntchito zaka zonsezi, chikavomera kudzukanso, sungangochifulatira."

Wamkulu anayang'ana mlongo wake, kuyembekezera kuti aseka, koma iye sanaseke. Wometa analoza m'mbali mwa firiji, chakumwamba, kumbali ya kukhoma. Pamenepo penti inali itatha, chitsulo chikuwala, malo ake aakulu ngati chikhatho cha munthu.

Wamkulu anaikapo dzanja lake, ndipo linakwana ndendende. Chitsulocho chinali chofunda. Anakhala choncho kanthawi, mutu uli pansi.

"Zikomo, akuluakulu," anatero chapansipansi. "Mwagwira ntchito."