Mwala Wolavula Madzi

Walije anakwera galimoto m'mawa wa Lachisanu mlandu ataugamula kale mumtima. Grayson, bwenzi lake, amene ankayendetsa galimoto ya banja lina ku Al Aziziya, mumzinda wa Doha ku Qatar, anasowa pa foni tsiku lonse Lachisanu lapitalo, ndipo chifukwa chimene anapereka ngakhale mwana akanaseka. Ati anapita kunyanja, mwala unalavula madzi, foni n'kunyowa. Komatu Esnart, mnzake wa Walije wogwira ntchito ku hotela, anali atamutsina khutu kuti mwamuna akazimitsa foni tsiku lopuma ndiye kuti sali yekha. Ku Ntcheu, malume ake a Walije anali atayamba kale kuyendera za chinkhoswe cha awiriwa.

"Tiyeni mukandionetse mwala wanuwo," anatero Walije.

Anatuluka mu Doha kulowera kumpoto, kenako anasiya tala n'kutsata msewu wafumbi. Walije maso anali ponseponse, kufunafuna tsitsi la munthu wina pa mpando. Atapeza kabotolo ka mafuta onunkhira, Grayson anati n'ka akazi a bwana. Walije anangoti, "Ehe."

Kumene anaima, nthaka inathera mwadzidzidzi pa chiphedi cha miyala yoyera. Nyanja inali itadya kunsi kwake, pamwamba n'kutsala ngati khonde lopanda mizati, ndipo zibenthu zimene zinagumuka kale zinali mbwee pansi. Grayson analoza bowo loti mutu wa munthu sungalowe.

"Ndi apa. Madzi amadya mwalawu pansi pang'onopang'ono mpaka kuboola phanga, phangalo n'kudzatulukira pano. Funde likalowa limasowa kopita, ndiye limathawira m'mwamba."

Walije anasuzumira. Munali mdima ndi fungo la nsomba yowola, basi. Madzi enieniwo anali kutali, kuseri kwa matope.

"Last week madzi anali pompano, wallah, ndikulumbira," anatero Grayson akukanda m'mutu. "Sindikudziwa kuti apita kuti."

Apa tisawaseke kwambiri. Nyanja imene awiriwa ankaidziwa ndi yakwathu, imene ukaisiya m'mawa umakaipeza pomwepo masana. Zoti yamchereyi imachoka n'kubwereranso tsiku lomwelo, palibe anawauzapo. Kwa Walije, mwamuna wonena kuti nyanja yasamuka anali mwamuna amene mabodza amuthera.

Anadikira. Dzuwa linawawotcha, mphepo inayamba kukula, bowo lili duu. Grayson ankangoyendayenda thukuta lili kamukamu, ndipo Walije ankawerenga thukutalo ngati umboni. Zinamuwawa kwambiri, chifukwa mwamunayu ankamukonda.

"Ndi ndani, a Grayson? Wa m'tauni ku Msheireb? Ingonenani."

"Palibe munthu, Walije. Tangodikira pang'ono."

"Khalas, basi, ndatopa."

Anakhala pafupi ndi bowo lija, nyanja ataifulatira, n'kutulutsa foni. Anajambula mawu opita kwa malume ake, mokweza kuti mwini wake amve bwino: za chinkhoswe zija aziimitse, akauzenso akuchimuna lero lomwe, munthuyu ndi wabodza ndipo ali ndi mkazi wina. Anatumiza, naona kuti malume amvera. Grayson anasiya kuyendayenda.

Pa nthawi yonseyi palibe anayang'ana kunyanja. Madzi anali atakwirira matope aja n'kufika kunsi kwa chiphedi. Pansi pa Walije panamveka kupuma, ngati ng'ombe m'khola, kenako mwala unanjenjemera. Madzi anatumphuka m'bowomo kupitirira msinkhu wa munthu, n'kumugwera thupi lonse. Funde lachiwiri linamupeza akukwawa.

Anadzuka mchere uli m'kamwa, diresi litamata thupi. Foni inali itazima. Anaidina, anaipukuta, anaigwedeza, koma ayi ndithu.

"Ukaikwirire mu mpunga," anatero Grayson motsitsa mawu. "Yanga inadzuka mawa lake."

"Ndibwerekeni yanu ndiwaimbire malume, asanapite kwanu."

Grayson anatulutsa foni yake, naiyang'ana kanthawi. Kumbuyo kwawo mwala unalavulanso. Iye anaibwezera foniyo m'thumba.

"Yalla, tiye. Bwana akufuna galimoto."