Mzere Wachikasu wa pa Doko

Munthu akagwira ulonda zaka makumi atatu, amaona akuba ngakhale m'tchalitchi. Ndi mmene analili a Loko. Dzinali analitengera ku loko wamkulu yemwe ankayenda naye atamumangirira ku kalamba kachikopa. Ankati chibonga wakuba amachionera patali, koma loko amakhala phee m'thumba mpaka nthawi yake itakwana. Atapuma pantchito anabweza yunifolomu, tochi ndi wezulo. Loko yekhayo anamukaniza.

Ulendo wa kumzinda wa doko sunali wawo. Unali wa akazi awo, omwe anafa miyendo chaka chatha, koma chiyambire utsikana ankalakalaka kuona sitima ya pamadzi yeniyeni, osati ya pakalendala.

"Pitani mukandionereko," anatero mayiwo akuwapatsira foni yawo. "Mukaijambule yonse, kumutu mpaka kumchira. Koma foniyo mubwere nayo, bambo. Muli zithunzi za adzukulu anga."

Anali ndi masiku awiri okha. Tsiku loyamba anakwera nsanja younikira sitima, anadutsa pamsika wa nsomba, anayenda m'misewu yopanikizana yonunkha mchere ndi dizilo. Mzindawo anauona? Kuuona kuti! Anangoona manja a anthu basi. Wogulitsa zipewa akawamwetulira, iwo dzanja lili kale m'thumba pa loko. Foni anaibisa m'sokosi, ndipo tsiku lonse sanajambule ngakhale khwangwala.

Tsiku lachiwiri mtima unayamba kuwaluma. Basi yobwerera inali ya folo koloko, ndipo akanakawauza chiyani mayi aja? Dzuwa lili paliwombo anafika padoko, pamalo pomwe alendo amaima n'kumaonerera. Mwayi wake, sitima inali ikukocheza kumene. Mayo ine, kukula kwake! Inatseka thambo, yakuda bii, dzimbiri likutsika m'mbali mwake. A Loko anavula chipewa osadziwa.

Anatulutsa foni m'sokosi, koma mitu ya anthu inawatchinga. Akaloza foni kumutu kwa sitima, mchira ukusowa. Kutsogolo kwawo kunali mzere wachikasu wopentedwa pasimenti, ndipo kuseri kwa mzerewo kunali mbee, kopanda munthu, kupatula chitsulo chachifupi chonenepa pomwe anakolekapo chingwe cha sitima. Pamenepo ndiye poonekera zonse. Mlonda wa zaka makumi atatu n'kumaopa penti? Safunsa anadya phula. A Loko anaulumpha mzerewo n'kukaima kuseri kwa chitsulocho.

Chingwecho chinali chonenepa ngati ntchafu ya munthu. Makina a m'sitima ankachikoka, chikukungika, chikufinya madzi, kenako chinayamba kulira, kweee, kweee. Aliyense wogwira ntchito padoko amadziwa kuti chingwe chikalira choncho umataya zonse n'kuthawa, chifukwa chikaduka chimabwerera ndi ukali wothyola ngakhale chitsulo. A Loko sankadziwa. Iwo ankangosangalala kuti sitima yakwana yonse m'foni, kwangotsala kudina.

Wezulo inalira. Ina inayankha. Anthu ankakuwa, koma phokoso la makina linameza mawu. Kwa a Loko wezulo inali ndi tanthauzo limodzi lokha moyo wawo wonse: wakuba ali pafupi. Magazi anawira. Dzanja lamanja linalowa m'thumba n'kukulunga kalamba kaja.

Atacheuka anamuona. Chimunthu chachitali, cha chisoti chachikasu, chikuthamangira pa iwo manja ali tambasu, kukamwa kuli yasa. "Foni ya mayi!" ndi zokhazo zomwe zinabwera m'mutu mwawo. Anaifinya m'dzanja lamanzere, napondetsa phazi, nadikira monga ankachitira pageti. Chimunthucho chitafika, loko anazungulira m'mwamba n'kutera pansagwada, khoo! Mano awiri anagwera pasimenti.

Koma munthuyo sanaime. Magazi ali chuchuchu, anawagwira a Loko m'chiuno n'kuwaponya kutali ngati thumba la makala. Iwo anakagwa chagada kuseri kwa mzere, mpweya n'kuwathawa. Munthu uja anati atembenuke athawe, koma mutu unamuzungulira ndi nkhonya ya loko ija. Anagwada pansi, pomwe paja panaima a Loko.

Chingwe chinaduka, phwaa! Ngati mfuti. Palibe anachiona chikubwera. Anangoona munthu atanyamulidwa m'mwamba, chisoti chikugubuduka chokha, jombo imodzi ikuthera m'madzi. Atagwa, mwendo wake wamanzere unali utapindikira komwe mwendo supindikira, fupa lili poyera.

Kenako anzake a munthuyo anawatembenukira a Loko.

"Ndi uyu! Wamumenya ndi chitsulo!"

Jombo yoyamba inawapeza m'nthiti. Yachiwiri pakamwa. Wina anawakoka kolala n'kuwawombetsa mutu pasimenti, wina anawalanda loko uja n'kuwasinja naye paphewa mpaka mkono unachita dzanzi. A Loko sanabwezere. Anadzipinda ngati bongololo, foni ataipanikiza pamimba, akungoti, "Si yanga, ndi ya mayi, si yanga."

"Basi! Mufuna mitembo iwiri?" Anali kapitawo wawo, bambo wa imvi, akukankha anthu ake mmodzimmodzi. "Pitani mukanyamule mnzanu uko, zitsiru inu!"

Anawakhazika a Loko m'kaofesi ka pageti podikira apolisi. Munali tebulo, mpando umodzi ndi zisoti zopachika pamisomali. Diso limodzi linali litatsekeka, ndipo akapuma m'nthiti munkabaya. Ambulansi italira n'kuchoka, kapitawo analowa, malaya ake ali magazi okhaokha.

"Ndimayesa wakuba," anatero a Loko, mawu akutuluka mothyokathyoka. "Anabwera mothamanga, achimwene. Ndimayesa akufuna foni."

"Foni!" Kapitawo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Munthu uja wagwira zingwe pano zaka khumi ndi zisanu. Ali ndi ana anayi. Tonse tinathawa, iye yekha ndiye anabwerera chifukwa cha inu. Mwendo uja akaudula, madala, ine ndaziona zambiri zotere." Kenako anapitiriza motsitsa mawu. "Mukudziwa zomwe wafunsa tikumukweza? Kukamwa kophwanyika komweko. Akuti, 'Agogo aja chawaphonya?'"

A Loko anafuna kulira, koma misozi inakana. Manyazi anawapweteka kuposa ululu wa nthiti. Anatsegula dzanja lamanzere, lomwe linali litauma ndi kufinya. Foni inali bwinobwino, yopanda ndi mng'alu womwe. Anaiteteza ndithu.

Munali chithunzi chimodzi chokha chatsopano, chomwe chala chawo chinadina pamene ankaifinya. Sitima inangooneka kachidutswa kakuda pakona. Pakati ponse panali munthu uja akuthamanga ndi miyendo yake iwiri, manja ali tambasu, m'manjamo mulibe kanthu.

Nthawi yomweyo foniyo inayamba kunjenjemera m'manja mwawo. Inali nambala ya aneba, komwe mayi ankabwereka foni. A Loko anaiyang'ana mpaka kapitawo anati, "Yankhani, madala."

"Bambo!" Mawu a akazi awo anali odzaza chimwemwe ngati a kamtsikana. "Mwaiona? Ndi yaikulu ngati mmene amanenera? Mwandijambulira yonse?"

"Ndajambula, mayi," anatero a Loko.

"Ndiye fulumirani, basi ingakusiyeni. Ndikufuna ndidzaone ndi maso angawa zomwe mwakachita kumeneko."