Zikwama Ziwiri pa Njira ya ku Yofu

A Laban anabwera kuchokera ku Buluwayo chaka chimene nkhani ya Chitaganya inali pakamwa pa aliyense, ndipo anabwera ndi njinga yamoto. Bokosi analibe. Amuna ena a pa Likoma akamachokera ku Halale kapena ku Joni ankatsika sitima ndi bokosi lachitsulo lofuna anthu anayi, m'kati muli mabulangete, nsalu, mapoto ndi nsapato za aliyense mpaka azakhali a ku Khuyu. A Laban anasonkhanitsa thukuta lonse la zaka zoposa makumi awiri, zimene anakhala akulondera pageti la fakitale ya sopo, n'kugula chinthu chimodzi chakuda chonyezimira. Pochitsitsa padoko chinafuna anthu asanu ndi mmodzi, ndiye iwo anaona kuti apambana.

Tsiku loyamba chilumba chonse chinabwera kudzaona. Lotsatira kunabwera theka. Achibale anaizungulira njingayo, kuisisita, kudziyang'anira pagalasi lake, kenaka anazindikira kuti njinga siigawika. Sungaduleko tayala kuti alamu ako akafunde. Anatsanzika mwaulemu, ndipo pofika Lamulungu nkhani pa Chipyela inali itabwerera ku usipa.

Amene sanabwere n'komwe ndi a Dinah, akazi awo. A Laban anawasiya ndi khanda kumsana, dzina lake Cecilia, akuti akukagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Cecilia uja tsopano anali pabanja ku Nkhata Bay, ndipo a Dinah anabwerera kalekale kwawo ku Yofu. A Laban anatuma munthu kukanena kuti mwini nyumba wafika. Yankho linabwera lalifupi: njira ya ku Yofu sinasamuke.

Choncho anakhala okha m'kanyumba ka malemu mayi awo kumapeto kwa Chipyela, njinga kumutu kwa mphasa. Madzulo ankaphika okha, kudya okha, n'kutsuka mbale imodzi yomweyo. Nthawi zina ankailankhula njingayo m'Chilapalapa cha kuntchito, poti panalibe wina wochimva. M'mawa ankaitulutsa n'kuyenda pamsewu wochokera kudoko kukafika kutchalitchi chachikulu, umene unkatha asanalowetse giya yachitatu, n'kutembenuka. Akanafunsidwa chimene ankafuna, akanati akufuna misewu yabwino. Koma chimene ankafuna ndi chakuti a Dinah abwerere, pakhale munthu wotsokomola m'nyumbamo kupatula iwo.

Kupita ku Yofu kunali kosavuta. Vuto linali kukafika bwanji. Mtchona safika kwa mkazi wake manja ali lende ngati wobwera kudzapempha moto. Amafika ndi katundu woti mudzi uone. Apa m'pamene anakumbukira azungu a ku Buluwayo amene ankamangirira zikwama ziwiri zachikopa kumbuyo kwa njinga zawo, china uku china uku, zotukumuka ngati zili ndi za boma m'kati.

Anapita kwa a Bartholomew, mnzawo wa kusukulu ya mishoni, amene kale ankasoka matanga a ngalawa koma tsopano ankakonza nsapato pansi pa mtengo wa mango. A Bartholomew sanaonepo chikwama cha njinga yamoto chibadwire, choncho anayamba ndi kufotokoza mmene chimasokedwera.

"Tigwiritsa nsalu ya thanga, achimwene. Mvula siilowa."

"Ndizioneka ngati ngalawa yasochera kumtunda? Ayi. Chikopa."

"Cha mbuzi chilipo."

"Inu a Batu, munaonapo mzungu atakwera pa mbuzi?"

Anadikira mpaka ngalawa ya kutsidya kwa Apwitikizi inabweretsa chikopa cha ng'ombe, chofufutidwa bwino, chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. A Bartholomew anachiyala pansi n'kuyamba kuyeza ndi zikhato.

"Apa pakwana."

"Onjezani."

"Apa?"

"Onjezaninso pang'ono. Anthu a ku Yofu amayamba kuona katundu, nkhope pambuyo."

A Bartholomew anaonjeza mokondwa. Nawonso ankafuna kuti ntchito yawo izioneka munthu ali patali. Anasoka ndi singano yaikulu ya matanga ndi ulusi wopaka phula, anaika zivundikiro zotseka ndi malamba awiriawiri, anakhomera timisomali tamkuwa m'mphepete, ndipo m'munsi analenga mphonje zimene palibe anazipempha. Zikwama ziwirizo anazilumikiza ndi chilamba chotambalala choti chigone pamwamba pa tayala lakumbuyo.

Kuyesa koyamba sikunakome. Chikwama chakumanja chinatsamira paipi ya utsi, ndipo asanafike patchalitchi fungo la chikopa chowauka linali litaitana agalu onse a pa Chipyela, amene anawaperekeza mpaka kunyumba. Chinali chigulu chachikulu kuposa china chilichonse chimene chinawatsatirapo chifikireni. Chakumanzere nacho lamba wake ankanyambita masipoko, kumangoti tcha tcha tcha. Akuluakulu awiriwo anakhala pansi, kuyang'ana njinga, kugwedeza mitu ngati madokotala. Anagwirizana zothyola bedi lachitsulo lakale, n'kupinda zitsulo zake kuti zikankhire zikwamazo kunja, kutali ndi paipi ndi tayala. Zinatheka. Njingayo tsopano inali ndi chiuno ngati cha ng'ombe yabere.

"Musokenso kapilo ka mpando wakumbuyowu," anatero a Laban, akuyang'ana kumbali.

"Ka ndani?"

"Ka njinga."

A Bartholomew anasoka, osafunsanso.

Litafika tsiku, a Laban anaika mphatso zawo: nsalu imodzi yamaluwa, mitanda iwiri ya sopo ndi kapaketi ka shuga. Zonse zinakwana pakona pa chikwama chimodzi. Zikwamazo zinafwapa ngati masaya a munthu wopanda mano. Anayang'ana uku ndi uku, n'kupita kuseri kwa nyumba kukazula udzu wouma. Anaupakira bwinobwino mpaka zonse ziwiri zinatukumuka, namanga malamba. Anavala jekete, magalasi a mphepo ndi magolovesi, dzuwa la Okutobala lili phwee, n'kuliza injini nthawi yaitali kuti a ku Yofu ayambe kukonzeka.

Tsono njira za pa Likoma anazipanga ndi mapazi a anthu osenza pamutu. Mtsuko, dengu la chinangwa, mtolo wa nkhuni, ngakhale chitseko, zonse zimayenda m'mwamba, kumene malo ndi aulere. Pansi njira imangofuna poti padutse miyendo iwiri. A Laban anabadwira pomwepo, anasenzapo madzi panjira yomweyo ali mwana, koma anali atakhalitsa kumene katundu amayenda m'mbali.

Poyamba zikwamazo zinkangokwapula mitengo ya chinangwa ya eni ake, kumanzere ndi kumanja mofanana. Kenaka njira inatsika n'kulowa pakati pa miyala iwiri ikuluikulu. Tayala lakutsogolo linadutsa. Mawondo a a Laban anadutsa. Zikwama zinangoti gwa! Injini inalira, tayala lakumbuyo linafukula fumbi, kenaka zii.

Anakhala pachishalo kanthawi, njinga itaima yokha popanda kuigwira, miyala itaipana m'chiuno. Anadikira kuti wina atulukire, awathandize kapena awaseke, chilichonse. Kunalibe munthu. Amuna anali kunyanja, akazi kuminda. Panali buluzi yekha pamwala, amene anagwedeza mutu kangapo n'kuchoka.

Anavula magolovesi. Anamasula malamba, anakoka, anatukwana m'Chilapalapa, mpaka zikwama zinazuka zitakalika m'mbali. Kutsogolo njira inkakwera pamiyala yosanjikizana ngati masitepe, ndipo ngakhale iwo anaona kuti njinga yafika pamapeto pa ulendo wake. Anaitsamiritsa pamlambe. Anayesa kukoleka zikwamazo paphewa, koma zinkawamenya m'mawondo. Potsiriza anatsegula chimodzi, anatapamo udzu, anapota nkhata, n'kusenza. Manja anakumbukira okha kapotedwe kake. Analowa m'mudzi wa Yofu wapansi, chilamba pamutu, zikwama zikulendewera m'makutu, mphonje zikuvina.

Pakhomo limene anawalozera panali mayi wa imvi akuyanika chinangwa chovuula pathandala. A Laban anatsala pang'ono kuwapatsa moni ngati apongozi. Anali a Dinah.

"Odi."

"Afike." A Dinah anapukuta manja pachitenje, anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kunkhata. "Bambo a Cecilia. Njinga ija yatsala kuti? Taimva ikubuula kuyambira m'mawa."

"Ndaisiya ipume. Injini zachingelezi sizifuna kuthamangitsidwa."

"Chabwino. Tikulandireni."

Mlendo amalandiridwa katundu, ndiye a Dinah anachita monga mwa mwambo. Anaponda mwamphamvu, anakunga msana ngati munthu woti atule thumba la mchere, anagwira zikwamazo n'kunyamula. Zinauluka m'mwamba mpaka anadzandira. Anaima nazo m'manja kamphindi. Anawayalira mphasa pamthunzi, anawapatsa madzi m'chikho, n'kulowa nazo m'nyumba, poti mphatso sitsegulidwa pamaso pa mwini wake.

A Laban anakhala pamphasa, kumva udzu ukusololedwa m'katimo, tswa, tswa, nthawi yaitali kuposa mmene anaupakirira. A Dinah anatuluka ataukumbatira, anakauponya m'khola la mbuzi, nadzakhala pansi chapatali pang'ono, miyendo atatambasula.

"Zikomo nsalu ija. Ndi yokongola. Sopo nayenso anatha kale muno."

"Katundu wina akubwera pambuyo."

"Eya."

Anafunsana za odwala ndi za omwalira. Omwalira anali ambiri, ndipo anawathandiza kutha nthawi. Atatha onse, a Laban anakonza kukhosi.

"Nyumba ya mayi ija ndaifolera."

"Mwachita bwino. Mvula ili pafupi."

"Koma ndi yaikulu. Kwa munthu mmodzi."

"Ndamva kuti muli awiri. Akuti mnzanuyo amagona kumutu."

A Laban anayesa kuseka, koma sikunatuluke bwino. Anayang'ana zala zawo.

"Mayi a Cecilia, ine ndabwera kudzakutengani."

A Dinah anatola kachidutswa ka chinangwa kamene kanagwa, anakapukuta, nakabwezera pathandala.

"Ndinakudikirani mpaka mwana anayamba kuyenda. Ndinadikira mpaka anayamba sukulu. Sitima ikalira ndinkasiya mtondo n'kuthamangira kudoko, anthu mpaka anandipatsa dzina. Tsiku lina inalira ine ndili m'munda, ndipo ndinapitiriza kupalira. Sindinakwiye ayi, bambo. Ndinangopitiriza kupalira." Analoza kukhola. "Pano ndili ndi mbuzi zanga, munda wanga, kwaya Lachinayi. Pamphasa ndimagona chopingasa. Mukabwera ndikulandirani, madzi mumwa, chakudya mudya. Ndinu bambo a mwana wanga. Koma zosamuka ndiye ayi."

"Ngakhale kungoyesa?"

"Tinayesa kale. Inuyo simunalipo."

A Laban anali atakonza mawu ambiri panjira, ena a m'Baibulo, ena achingelezi. Anawafunafuna osawapeza. Anadya chimene anawapatsa, utaka wootcha ndi kondowole, ndipo chinakoma kwambiri moti anachita nacho manyazi.

Dzuwa litapendeka anatsanzika. A Dinah analowa m'nyumba, ndipo ulendo uno anatuluka akukoka zikwamazo pansi. Anali atadzazamo makaka a chinangwa mbali imodzi, mbali inayo utaka wouma, mtedza ndi kabotolo ka tsabola, mpaka malamba anangofika pabowo loyamba.

"Zikwama zabwino," anatero. "Zimalowa zambiri. Weramani ndikusenzeni."

Anawerama. Khosi linalowa m'mapewa. A Dinah anawaperekeza mpaka pamapeto pa munda wawo, pamene mlendo amasiyidwira, n'kubwerera kukaanula chinangwa.

Pamiyala paja a Laban anatula, anadutsitsa njinga yokha, anabwerera kukatenga zikwama, anamangirira. Kulemera kwake kunaikhazika bwino njingayo, moti inayenda mosadumphadumpha kuposa kale lonse. Panjira anayesa kuganiza ngati chakudya chochuluka chotere chinkatanthauza kuti a Dinah amawaganizirabe, kapena kuti asakhale ndi chifukwa chobwererako msanga. Anafika pa Chipyela asanapeze yankho.

A Bartholomew anali akulongedza nsapato zawo pansi pa mango. Anaona zikwama zotukumuka, anaona kumbuyo kwa a Laban kulibe munthu, nayang'ananso zikwama.

"Zayenda bwanji, achimwene?"

"Zanyamula bwino. Msoko sunamasuke ngakhale umodzi."

"Ndinanena ine. Ulusi wa matanga umenewo."

"Ntchito mumaidziwa, a Batu."

M'mawa mwake injini sinamveke pamsewu wa kudoko. A Laban anapeza mtondo wa malemu mayi awo pakona, anautsuka, anaugubuduzira kuseri kwa nyumba kumene odutsa sakanaona, anathiramo makaka. Musi unali wolemera kuposa mmene unkaonekera akazi akamasinja. Anavula jekete, anaipachika pamtengo wa papaya, n'kuyamba kusinja.