Banga la pa Dzino la Kutsogolo

Anabadwa amapasa, atsikana okhaokha, ofanana moti bambo awo ankangoitana dzina limodzi n'kudikira kuona amene atembenuke. Chinadzawasiyanitsa ndi matenda. Mmodzi anatentha thupi kwambiri ali wakhanda, ndipo mano achikulire atamera, dzino lake lakutsogolo linatuluka ndi banga loyera ngati choko, lozunguliridwa ndi kamzere kachikasu. Kuyambira pamenepo mayina awo enieni anangotsala a kusukulu. Pakhomo uyu anali Kabanga, ndipo winayo, wa mano oyera bwino, anali Mbee.

Amayi awo analibe nthawi yolota kuti uyu ndani. Mbale ikasweka ankagwira chibwano cha amene ali pafupi n'kunena kuti, "Taseka ndikuone." Mwana ankaseka misozi ili m'maso, chifukwa mlandu sunkagamulidwa dzino lisanachitire umboni.

Mbee anamwalira ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, atadwala sabata imodzi yokha. Kuchokera tsiku limenelo palibe amene anagwiranso chibwano cha Kabanga. Akanamusiyanitsa ndi yani? Zaka zinapita, bambo nawo anatsikira kulichete, ndipo amayi anayamba matenda oiwalaiwala. Kabanga anawatenga kuti azikhala nawo. Ankawasambitsa m'mawa, n'kuwasiya ndi azakhali iye popita kuntchito. Amayi ankadya pang'ono, ankalankhula pang'ono, ndipo akatsegula pakamwa funso linali limodzi: "Mbee sanabwere?" Kabanga zinkamupweteka, tisabise. Wokupukuta ndi wina, woitanidwa ndi wina.

Ntchito yake inali yolandira alendo pa hotela, ntchito yomwetulira tsiku lonse, ndipo iye anaphunzira kumwetulira milomo ili yotseka. Nthabwala ikamupeza mwadzidzidzi dzanja linkathamangira pakamwa lokha. Mnzake wa pa desiki, amene onse ankamutcha Wailesi chifukwa sankazima, ndiye anamutulukira.

"Iwe, udzafa ukuseka ngati wakuba," anatero Wailesi tsiku lina. "Masiku ano mabanga amenewo amachotsa. Sabowola, sabaya jekeseni. Umalowa ndi banga, umatuluka ukuwala. Ukudikira chiyani, mano agwe okha?"

Kabanga anaganizira zambiri. Anaganizira ululu, anaganizira tsiku lopuma, anaganizira zoti anthu anena kuti wayamba kudzikongoletsa atakula. Za chibwano chija sanaziganizire ngakhale kamodzi. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Dokotala wa mano anali bambo wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Anamukhazika pa mpando wotsamira, n'kuyatsa nyali pamwamba pa nkhope yake. Anafotokoza kuti bangalo si dothi, ndi malo amene dzino silinakhwime bwino, ndiye lili ndi timibowo tosaoneka ndi maso. Anaphimba nkhama ndi kansalu ka labala, mano okha n'kutsala poyera. Anapaka mankhwala otsegula timibowoto, n'kutsuka, n'kuumitsa ndi mpweya, kenako anathira utomoni wamadzimadzi woti ulowe m'kati mwa dzino. Pomaliza anaunikira ndi kanyali ka buluu kuti utomoniwo ulimbe. Sipanathe ola.

"Tadzionani, mayi," anatero dokotala, akumupatsa galasi la m'manja.

Kabanga anaseka, ndipo m'galasimo munaseka Mbee.

Sikuti anaona munthu wofanana ndi Mbee, ayi, zimenezo anazizolowera kuyambira ali mwana. Anaona Mbee weniweni, atakula zaka zisanu ndi chimodzi zimene sanakhale ndi moyo, ali ndi imvi ziwiri pamwamba pa khutu. Anatembenuza galasi n'kuliika pa ntchafu.

"Simunasangalale?" anafunsa dokotala.

"Ndasangalala, adokotala. Mwagwira ntchito yabwino."

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Azakhali anali kuseri akuanula zovala. Amayi anali pa mpando wawo wa pawindo, bulangete pa mawondo, chakudya chamasana chili pambali chosakhudzidwa. Kabanga anagwada kuti awavule masilipasi, ndipo anangomva zala zoonda zikumugwira chibwano.

"Taseka ndikuone."

Akanatha kukana. Koma mawu amenewo ankawamvera asanadziwe n'komwe kuwerenga, ndipo milomo inatseguka yokha.

Amayi anayang'anitsitsa, kenako nkhope yawo inamasuka ngati ya munthu amene watula mtolo. "Mbee mwanawe," anatero motsitsa. "Unali kuti nthawi yonseyi? Ndakufunsa kwa aliyense."

"Amayi, ndine Kabanga."

"Usandinamize, ndakubereka ndine. Kabanga ali ndi banga."

Tsiku limenelo amayi anadya chakudya chonse, mpaka anapempha china. Azakhali anaima pakhomo, zovala zili paphewa, akupukusa mutu. "Wadzutsa wakufa ndi dzino limodzi," ananong'ona. "Tiona mmene umugonekere."

Masiku otsatira m'nyumbamo munakhala anthu anayi, ngakhale mbale zinali zitatu. Amayi ankacheza, ankaimba, ankakumbutsa Mbee za diresi lobiriwira limene analing'amba pa mpanda, ndipo Kabanga ankavomera, pakuti analipo tsikulo, ndiye anagwira diresilo kuti amukoke. Posamba m'mawa anayamba kutsuka mano atafulatira galasi. Kuntchito Wailesi anadabwa kuti dzanja lija likubwererabe pakamwa. Zenera la sitolo, chitseko chagalasi cha hotela, ngakhale supuni yopukutidwa bwino, zonse zinkamuonetsa m'bale wake. Ankachita mantha, komanso ankamusowa Mbee kuposa mmene anamusowera pa maliro.

Patapita sabata ziwiri anabwerera kwa dokotala.

"Ndikufuna mundibwezere banga langa."

Kabanga atamufotokozera za amayi ake ndi za Mbee, dokotala anavula magalasi ake. Pa zaka zonse za ntchito yake, anatero, anthu anamupempha mano oyera, mano agolide, mpata wa pakati pa mano, koma wopempha banga anali woyamba. Utomoni uja unalowa m'kati, sukanatulukanso. Chimene akanatha n'kumata kachidutswa koyera pamwamba, kukapaka kamzere kachikasu, potsatira chithunzi chimene anajambula asanayambe. Silikanakhala banga lakelo, koma maso a munthu wokalamba sakanasiyanitsa.

"Bwerani Lachinayi m'mawa," anatero. "Koma mukaganize bwino. Amene mukufuna kuti akuzindikireniwo, akakuzindikirani atayapo chiyani?"

Kabanga ananyamuka. Yankho ankalidziwa, n'chifukwa chake funsolo linamukwiyitsa.

Lachitatu masana anaweruka msanga. Anapeza amayi ali pawindo paja, koma osaimba. Anali atapinda thaulo laling'ono limene Kabanga ankawapukutira nalo kumaso, akulisisita pa mawondo.

"Mbee, takhala apa," anatero. "Ndikufunse. Mnzako uja ali kuti?"

Zaka zonsezi amayi anali asanafunsepo za Kabanga.

"Mukunena ndani, amayi?"

"Kabanga. Ankandisambitsa ndi iyeyo. Madzi ankayamba wayesa ndi chigongono, sankandiwotcha. Iwe manja ako ndi abwino, koma umafulumira." Anafunafuna chinthu m'mutu mwawo. "Kunali maliro pakhomo pano, ndikukumbukira. Bokosi linali loyera. Ndinkati ndi iwe, koma iwe ndi uyu uli apayu. Ndiye kuti anali iyeyo."

"Amayi..."

"Mwana amene uja ndinamusunga ndi mano anga. Anatentha thupi masiku khumi ndi awiri, ine osagona, osadya. Atachira ndinkaopa kumukonda poyera, ndinkati imfa ikaona ibwerera kudzamutenga. Ndiye ndinkangomukalipira. Iwe ndinkakuseketsa, iye ndinkamutuma. Sindinamuuze ngakhale zikomo." Anafinya thaulo lija. "Ndipo pa maliro ake ndinalira dzina lako. Wapita wosaliridwa mwana wanga."

Kabanga anatsegula pakamwa kuti anene kuti ndili pano, sindinafe, dikirani mawa lokha mudzandiona. Koma anaona mmene zikanathera. Lachinayi amayi akanagwira chibwano, akanapeza banga, ndipo Mbee akanafanso kachiwiri m'manja mwawo. Chakudya chikanabwerera kukhala pambali chosakhudzidwa. Mwa ana awiriwo amayi akanatha kusunga mmodzi yekha, ndipo wosankha anali iye.

"Anamva, amayi," anatero pomaliza. "Ankadziwa."

"Anakuuza?"

"Anandiuza."

Amayi anagwedeza mutu, koma misozi inali itayamba kale kutsika m'makwinya. Anatambasula dzanja n'kumukokera pafupi.

"Ndithandize kumulira, Mbee. Ndekha mpweya sundikwanira."

Kabanga anakhala pansi, natsamiritsa mutu pa mawondo awo. Amayi anayamba motsitsa, akutchula dzina la Kabanga mobwerezabwereza, ndi chikondi chimene iye sanalimvepo likutchulidwa nacho. Azakhali anabwera kuchokera kukhitchini, anaima, kenako anatseka chitseko kuti oyandikana nawo asathamangire kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Kabanga anadikira kuti amayi apume kaye, ndipo pamene mawu awo anathera iye anapitiriza.